Mabulaketi a Obed Namakhwa

Ku Ndirande, kumtunda kwa mtsinje wa Nasolo, panalibe wosamudziwa Obed Namakhwa, wowotcherera zitseko ndi mawindo. Luso anali nalo, pamenepo tisamunamizire. Koma bamboyu anali ndi nthenda yake.

Bambo ake anamenya nkhondo ali msilikali wa Keyala, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda, ndipo anabwerako ndi galasi loonera patali, lija amamanga pamwamba pa mfuti, lili pa kabulaketi kake kachitsulo. Obed anakula akusisita kabulaketiko. Atakula anayamba kusakasaka ena otero, kwa ogulitsa zitsulo zakutha ku Limbe ndi kwa nkhalamba za Keyala kumidzi ya ku Mulanje. Akapeza lothyoka ankakhala ndi tupa pa vayisi yake yopanira zitsulo mpaka atasula lina lofanana nalo ngati mapasa. Kugulitsa ayi. Ankangowapaka oyilo n'kuwandandalika pawindo. Mkazi wake Gertrude anayankhula mpaka malovu kuuma.

Mfuti yeniyeni sanaigwirepo chibadwire. Poyesera mabulaketi ake anasema yamtengo wa mbawa, n'kuidetsa ndi polishi wa nsapato. Ankamangapo galasi n'kuima pakhonde, kuloza mwala wa paphiri kuti aone ngati zawongoka. Kale anthu ankangoseka. Koma matipate atabwera, mfuti zotsala pankhondo ya ku Mozambique zinasefukira m'tauni, anthu n'kutopa ndi maliro. Wakuba akagwidwa, za apolisi panalibenso.

Tsiku lina mbava zinawombera a Kalisto, mwini gulosale ya pafupi. Pochokera kumanda wina anangoti, "Nanga uja amaloza mfuti masanasana uja?" Basi, moto unagwira udzu.

Anthuwo anakamukoka Obed pa vayisi dzuwa likuswa mtengo, n'kumuveka tayala m'khosi. Wina anamuthira palafini. Obed analira mokuwa.

"Ndi yamtengo, abale anga! Kaoneni nokha!"

"Nanga zitsulo izi?" anakalipa mlamu wa malemu, akumwaza mabulaketi pafumbi. "Amakonzera mbava ameneyu!"

Obed anayamba kulongosola za Keyala, za galasi, za masikuluwu. Kunali kudzikumbira manda, chifukwa akamaonetsa kudziwa za mfuti m'pamene anthu ankapsera mtima. Machesi anali atatuluka kale m'thumba.

Gertrude anadutsa pakati pa chigulucho, mfuti ija ili m'manja, n'kuimenyetsa pamwala. Inang'aluka pawiri, mtengo wofiira uli poyera.

"Mukufuna kuotcha wamisala?" anakuwa. "Bambo wa ana anayi kumasewera ndi chidole pakhonde! Mutu sugwira awa. Kuchipatala cha amisala ndapita nawo kawiri."

Anthu anayang'anana. Mlamu uja anawerama.

"Iwe, n'zoona? Ndiwe wamisala?"

Obed anayang'ana mabulaketi ake, ntchito ya moyo wake wonse, kenako anayang'ana machesi.

"Eee, ndine wamisala."

"Ndiye guba tione!"

Anaguba. Tayala m'khosi, chidutswa cha mbawa paphewa, misozi ili chuchuchu, anazungulira bwalo lake lomwe. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, kenako anabalalika. Mabulaketi anawatola ndi aliyense.

Madzulo Gertrude anali kuchapa malaya onunkha palafini aja kuseri kwa nyumba. Obed anakhala pambali pake.

"Amake Emily, zija munangonena kuti mundipulumutse, eti?"

Gertrude anafinya malayawo osadzutsa mutu.

"Ndinanama za chipatala zokha."