Wezulo ya Malume

Ndinadzutsidwa ndi phazi la munthu kunja kusanache. Amuna tonse tinagona panja pa siwa, pa maliro a malume, mozungulira moto, ndipo phazilo linali pankhope panga ngakhale mwini wake anali atagona uko, pafupi ndi mtengo wa mapeyala. Anali mmodzi wa anyamata a malume. Osewera basiketibolo akagona pansi amadya malo a banja lonse.

Malume anali kochi wa timu ya pa esiteti ya tiyi ya ku Chitakale imene ambirife timagwirako ntchito. Kampani inalemba anyamatawa kuti azisewera mu ligi, ndipo kusewera ankasewera ndithu, kupambana kokha ndiko kunkawavuta. Matenda awo Chitakale yense ankawadziwa: sapatsirana mpira. Aliyense akaugwira ankauyesa wa kwawo. Malume anakalamba akukuwa mawu amodzimodzi, "Mpatse mnzako!", uku akutafuna chingwe cha wezulo yawo ngati nzimbe. Ine ndinali kaputeni wawo kale, bondo lisanandikane. Tsono kampani inali itanena kuti ligi ikayamba timu ilibe kochi, timuyo ithe, bwalo likhale poimika mathirakitala. Ine ndimayendetsa thirakitala, koma nkhaniyi inandiwawa.

Kunja kunacha ndi chiperoni. Phiri silinkaoneka, ndipo kamvula kowaza kankanyowetsa munthu mwaulemu, osamuuza. Amayi anali atakoleza kale moto kuseri kwa nyumba, nandolo ali m'migolo, utsi wa nkhuni zonyowa ukuliza ngakhale amene sankawadziwa malemu. Mkazi wanga anandipeza ndikuwaza nkhuni.

"Bambo a Tadala, ndamva kuti akomiti ya timu asankha kochi pomwe pano," anatero motsitsa mawu. "Inu wezulo ija musaikhudze. Malume anu BP anaitenga kuti? Ine sindikufuna umasiye chifukwa cha anthu osapatsirana mpira."

Ndinalonjeza, ndipo ndinalonjeza ndi mtima wonse.

Anthu anayamba kufika. Ena pa njinga kuchokera ku Limbuli, ena pa minibasi kuchokera ku Boma, makwaya ndi maambulera awo. Ofuna ukochi analipo awiri. Wina anachokera ku Blantyre atavala nsapato zoyera, atanyamula nkhata yaikulu moti pakhomo inalowa cham'mbali. Anayamba kulira asanafunse kuti nyumba ya maliro ndi iti. Winayo anali mphunzitsi wa zamasewera wa ku sekondale, amene usiku wonse anaimba nyimbo pafupi ndi khutu la tcheyamani wa komiti. Tcheyamaniyo anakhala pakati pawo mu tenti, akungoyang'ana uyu, kenako uyo. Ine ndinakhala kumbuyo kwenikweni, kumene madzi a pa tenti ankadonthera.

Mkulu wa mpingo polalikira anati malemu anali munthu wopirira kwambiri. Khamu lonse linavomera, maso ali pa anyamata a timu.

Manda a kwathu ali pamwamba pa minda ya tiyi, ndipo njira yake ndi chitunda cha dothi lofiira limene likanyowa limaterera. Kwathu kuno bokosi timalandizana: munthu amanyamula pang'ono n'kusiyira mnzake, mpaka kukafika. Koma bokosi litangotuluka, anyamata a timu anathamangira kutsogolo n'kuligwira. Kumbuyo kunatsala ife achibale, ndipo banja lathu Mulungu sanalipatse msinkhu. Titayamba kukwera, bokosi linapendekera kwa ife, ndipo ndinamva ndi makutu anga malume akutsetserekera kumapazi.

Amuna anafola m'mbali mwa njira kudikira kulandira, koma anyamata aja sanasiye. Aliyense ankafuna kuti anthu adzati ndiye anafikitsa kochi kumanda. Thukuta linkatsika, miyendo ikunjenjemera, koma osasiya. Bambo wa ku Blantyre anathamangira kutsogolo n'kuyamba kulamula m'Chingerezi, akuyenda chobwerera. Sanapite patali. Nsapato zoyera zinaloza kumwamba, ndipo anatsika chitunda chokhala pansi mpaka tiyi anamuimitsa. Mphunzitsi ataona kuti mpata wapezeka, anatulutsa wezulo yake m'thumba n'kuiimba. Pamaliro. Kwaya inadukiza nyimbo pakati. Mkulu wa adzukulu, aja okumba manda, anapita n'kumulanda wezuloyo.

Apo m'pamene bondo la mnyamata wamtali kuposa onse linapindika, bokosi n'kuyamba kugwera kumbali. Ine sindinaganize chilichonse. Pakamwa panangotseguka pokha.

"Mpatse mnzako!"

Mnyamatayo anasiya, ndipo munthu wina analandira. Ndinakuwanso, wachiwiri anasiya. Kenako ndinapezeka ndili pambali pa njira, ndikukankhira aatali kumbuyo, aafupi kutsogolo, pakuti pokwera chitunda ndi mmene bokosi limakhalira bwino. Amene watopa ndinkamutchula dzina, iye n'kusiyira mnzake, n'kuthamangira kukadikira kutsogolo. Bokosi linawongoka, kwaya inayambiranso, malume anakwera chitunda mwaulemu. Aka kanali koyamba kuona anyamata amenewa akupatsirana kanthu, ndipo munthu amene anafera zimenezi anali m'kati, osaona. Misozi imene inandikana usiku wonse inabwera pamenepo.

Titakwirira, nkhata zitaikidwa, tcheyamani anabwera kudzandigwira chanza, ndipo dzanja langa sanalisiye msanga. Sanafunse ngati ndikuufuna ukochiwo. Akazi a malume anandiitana pamene anakhala, n'kumasula mfundo ya chitenje chawo.

"Mutakuwa paja ndinadzidzimuka, ndimayesa adzuka," anatero, akuika wezulo ya malume m'thumba la malaya anga.

Ndinacheuka kufuna wondithandiza. Pakati pa amayi onse aja, maso amene ndinakumana nawo anali a mkazi wanga. Sankaphethira.

Madzulo tinabwerera kunyumba kwathu. Ana anali atatsalira kwa agogo awo, ndipo m'nyumba munali zii. Tinadya. Nditasamba m'manja ndinatulutsa wezulo ija n'kuiika patebulo, chingwe chake chili chonyowa, mano a malume akuonekabe.

"Mawa ndikaibweza," ndinatero. Ndinkanena zoona.

Mkazi wanga anaitenga n'kutuluka nayo. Ndinadziwa kuti ikupita ku chimbudzi, ndipo ndinaitsanzika mumtima. Koma ndinamva phokoso pakhonde, pamene ndimaimika njinga. Atabwerera, wezulo inali italowetsedwa ku waya wa buleki amene anachotsa pa njinga yanga. Chingwe cha malume anali atachipinda bwinobwino, ndipo anachiika m'Baibulo.

"Apa ndiye tione ngati mutafune," anatero, akundiveka m'khosi. "Ndipo musanayambe, mukayezetse BP ku Boma. Anyamata aja ndawaona lero, akumva."

Anatenga mbale n'kupita nazo kukhitchini. Ine ndinatsala ndekha, kamvula kakugogoda malata. Ndinaika wezulo pakamwa n'kuuzira pang'ono chabe, kuti oyandikana nafe asamve.