Mizu ya M'fulasiki

Mkazi wa wometa tsitsi wina anali telala, wa makina akale opalasa ndi phazi, koma chilowereni m'banja ntchito yake yoyamba m'mawa sinali kusoka ayi, inali kuwiritsa mizu. Mwamuna wake ankaigula pa depoti ya mabasi kwa mkulu wina wa chimkuzamawu, amene ankalumbira kuti imatsuka magazi, imachotsa kutopa, imachiza chilichonse kupatula umphawi. Wometayo ankagugudiza kapu yodzaza nkhope itakwinyika, kenako n'kudziguguda pachifuwa kuti chipatala n'cha anthu ofooka. Anzake anam'patsa dzina loti Chitsulo, iye n'kumakondwa nalo.

Matenda anabwera mwakachetechete. Maso anachita chikasu, lumo linayamba kunjenjemera m'manja, mimba inatupa mpaka telala anachita kuwonjezera nsalu m'chiuno mwa mabuluku onse. Kuchipatala anapita mochita kukokedwa.

Dokotala anati ndi khansa ya chiwindi, ndipo anafunsa ngati bamboyo amamwa mankhwala azitsamba. Chitsulo anapukusa mutu, diso lili pa mkazi wake. Paja zoterezi anthu sauza adokotala, ati amakalipa. Koma telala anaulula zonse.

"Sindinganene kuti mizuyo ndiyo yabweretsa khansayi," anatero dokotala. "Koma zili m'menemo sitikuzidziwa, ndipo ina imawononga chiwindi. Chatsala n'chochepa, mayi. Asamwenso ngakhale dontho."

Bamboyo anagonekedwa m'chipatalamo. Sipanapite nthawi, kunatulukira mchemwali wa Chitsulo, atanyamula fulasiki ngati wabweretsa tiyi. Telala atangotsegula, fungo lodziwika lija linam'menya mphuno.

"Alamu, izitu adokotala aletsa."

"Adokotalawo ndiwo anabadwa nawo achimwenewa? Inuyo mumawiritsa madzi okhaokha, n'chifukwa chake achimwene afika pamenepa. Iyi ndiye yeniyeni. Bweretsani kuno!"

Mtima wa telala unapsa. Zaka zonsezi akulawirira kukoleza moto, kusefa mizu ndi kansalu koyera, akuyesa akusamalira mwamuna wake. Kuyambira tsiku la dokotala lija chakudya sichinkam'lowa poganiza kuti mwina manja ake omwewa ndiwo anam'pweteka. Lero wina abwere kudzamuuza kuti cholakwa chake chinali kuchulutsa madzi! Anapita pa sinki ya m'wodimo n'kukhuthula zonse, anthu akuona.

Chitsulo anatembenukira kukhoma. Telala ankam'sambitsa, kum'tembenuza, kum'meta ndevu, kum'nyowetsa milomo ndi thonje, koma mwamunayo sanam'lankhulenso. Akafuna madzi ankakodola namwino, mkazi wake ali chikhalire pambali pa bedi. Zinam'pweteka kuposa chipongwe cha mlamu wake, komabe fulasiki iliyonse yolowa m'wodimo ankayamba wainunkhiza, abale akudzuma.

Bamboyo anamwalira asanatuluke m'chipatala. Pochokera kumanda, telala akuyenda mochita kugwiriziridwa, anamva mlamu wake akuuza anthu osatsitsa n'komwe mawu:

"Achimwene akanakhala moyo lero. Amene anawatayira mankhwala mu sinki ndi awo akubwera apowo."