Tambala wa a Mhango

Nditangotumizidwa ku Rumphi kuchokera ku Dedza, ndinadzitama kutchalitchi kuti makompyuta ndimawadziwa bwino. Kunena zoona, ndinkangotha kutayipa makalata basi.

A Mhango, mphunzitsi wopuma pantchito, anandiitanira kwawo. Anali atagula kabokosi kolumikizira intaneti pa waya wa telefoni, kuti aone zithunzi za mdzukulu wawo wobadwira ku Joni.

Ndinalimbana nako thukuta lili kamukamu, koma kanyali kake sikanayake. "Ndi mapiri a Nyikawa, bambo, amatchinga," ndinatero mopanda manyazi, n'kutuluka panja kukanamizira kuimba foni.

Ndili panjapo ndinaona pawindo mayi Mhango akuzula waya pamene ndinaulowetsa ine, n'kuubaya pakabowo kena. Kanyali kanayaka.

Ndinalowa n'kudina batani limodzi, ndipo khanda linatulukira pakompyuta likuseka. A Mhango anavina pabalaza misozi ili m'masaya. "Yewo chomene, a injiniya!" anafuula, n'kundigwirira tambala wamkulu.

Ndinamulandira ndi manja awiri, osaulula kanthu. Mayi Mhango anandiperekeza mpaka pageti, kenako anandinong'oneza akumwetulira: "Mukamupha, mwanangu, nthutumba ndi yanga."