Masese ovala tayi

Achimwene, lero pa tiramu, kasitima kamagetsi kochokera ku Wolverhampton, mnzanga wa kuntchito, yemwe wangofika kumene kuchokera ku Zambia, wandifunsa komwe angapeze mowa wabwino mu Birmingham muno, uja amafulula okha m'timalo ting'onoting'ono. Ndinatulutsa foni kuti ndikufunseni. Nambala yanu ikadalimo.

Mukukumbukira Loweruka lija mutabwera kudzandiona? Munandikoka ine wosamwa mpaka ku Digbeth, mvula ikuwaza, tikusochera kunsi kwa milatho ya sitima kufunafuna malo omwe munamva kuti amafulula pomwepo. Titawapeza, mzungu wofululayo anakuthirirani mowa wa mbuu ngati thobwa. Munalawa, n'kukweza tambula m'mwamba: "Mlongo, awatu ndi masese ovala tayi!" Kenako munayamba kumufotokozera mmene azakhali ankafululira ku Dedza, mpaka iye anasiya makasitomala n'kukhala nanu pansi. Ine ndinkangoti, "Tiyeni, mawa ndili ndi shifiti." Inu mukuseka: "Khala pansi iwe, shifiti sithawa."

Mutadwala kumudzi ndinasowa pogwira. Viza yanga yatsopano inali isanatuluke, sindikanatha kuchoka m'dziko muno. Maliro anu ndinaonera pa foni, ndili m'galimoto panja pa nyumba ya agogo ena omwe ndimawasamalira pa ntchito, kenako ndinapukuta misozi n'kulowa kukawasambitsa. Amayi akandifunsa kuti ndibwera liti kudzaona manda anu, ndimangoti posachedwa. Zoona zake sindikudziwa, achimwene. Gonani, mundidikire.