Kiyibodi ya Ine ndi Tiyamike

Lachiwiri la sabata yatha chilembo cha "a" chinafa pa laputopu yathu. Wolemba Chingelezi akhoza kuzembazemba mpaka kumaliza ndime, koma ife a Chinyanja ayi. Tayesani kulemba kuti "abambo apita kukagula malasha" popanda chilembo chimenechi muone chotsala.

Ndinadina, ndinapukuta, ndinauzira mpweya pansi pa batanilo, koma silinadzuke. Wokonza makompyuta wa kukomboni ya Kwacha, amene amatithandiza kuofesi kwathu, anandiuza pa foni kuti laputopu yokalamba chotere siyoyenera kuing'amba. Bola kugula kiyibodi yapadera, yolumikiza ndi chingwe.

Laputopuyi si yanga ndekha. Ine ndimalembapo ndemanga ino ndi malipoti a amayi a kutchalitchi kwathu. Nthawi ina yonse imakhala kuchipinda kwa mwana wanga wamkazi, Tiyamike.

Tiyamike anamaliza koleji chaka chatha, maphunziro a za maakaunti, ndipo ntchito sinapezeke. Miyezi yoyamba ankadzuka m'mamawa, kusita bulauzi, kukwera minibasi kukazungulira m'maofesi, nthawi zina mpaka ku Ndola. Kenako kusita kunatha. Ntchito zapakhomo amagwira, pamenepo sindingamunamizire. Koma akangotsuka mbale za masana amanyamula laputopu, kulowa kuchipinda, kutseka chitseko. Ukamadutsa umamva akunong'ona, mwina kukweza mawu pang'ono kuti, "Yapita, yapita," kenako zii.

Mawu amenewa ndi amene anandidwalitsa mtima.

Kuno ku Kamitondo aliyense akudziwa khomo lina limene kubetcha kwa pa intaneti kwalowapo. Mnzanga wina wa kwaya, mwana wake anayamba ndi kubetcha mpira, n'kufika pogulitsa firiji amayi ake ali kumaliro ku Lundazi. Ndiye ine ndikamva "yapita", mtima unkafunsa kuti chapita n'chiyani? Ndinayamba kuyenda m'nyumba mwanga momwe ngati mlonda. Ayironi ilipo? Mapoto a paukwati aja alipo? Zonse zinalipo, koma mantha sanachoke. Kufunsa ndinkaopa, chifukwa sindinkadziwa kuti yankho lake ndikalinyamula bwanji.

Abambo ake a Tiyamike amagwira ntchito kumgodi, ndipo masabata ena amalowa usiku n'kumagona masana. Iwo ankangoti, "Musiyeni mwana, wakula." Koma tsiku lina ndinawapeza ataima pafupi ndi chitseko chija, thaulo lili paphewa, khutu lili tcheru. Atandiona anayamba kusuzumira kudenga ngati akufuna pamene pakudontha.

Nditatchula za kugula kiyibodi, Tiyamike anasiya tsache n'kundiyang'ana.

"Amayi, musapite nokha. Akakugulitsani yabodza. Tipitire limodzi Loweruka."

Unali ulendo woyamba pa miyezi yambiri kuti iye apemphe yekha kutuluka. Mayi wina akanakondwa. Ine ndinangoti, kodi kiyibodiyo akuifunira chiyani chonchi?

Loweruka m'mawa tinatsika pafupi ndi msika wa Chisokone, n'kudutsa pakati pa ogulitsa tomato ndi matelala, kufika kumene kuli timashopu ta mafoni ndi zingwe. Bambo wa pashopu yoyamba anatilandira mwa Chibemba, "Mwaiseni, ba mayo," ndipo ifenso tinasintha lilime monga timachitira tonse tikatuluka pageti. Anatulutsa chikiyibodi chachikulu, atachilumikiza chinayaka mitundu yonse ngati mtengo wa Khirisimasi. Anati ndi ya mekaniko yeniyeni, ndipo mtengo wake unali wotsika mokoma. Ine dzanja linali litalowa kale m'chikwama.

Tiyamike anapempha mwaulemu kuti achotse batani limodzi. Analizula ndi chikhadabo n'kundionetsa pansi pake. Panali kamphira kofewa basi.

"Iyi ndi wamba, Amayi, angoiveka magetsi. Ya mekaniko, batani lililonse lili ndi swichi yakeyake, yokhala ndi kasipuling'i mkati. Mukachotsa batani mumaona kamtanda pamwamba pa swichiyo."

Bamboyo sanakwiye. Anaseka, nati ambiri amabwera kudzagula magetsiwo, za mkati safunsa. Anatilozeranso yekha shopu ina ya pamwamba pa masitepe.

Kumeneko tinapeza mayi wina wodekha, amene anayala makiyibodi atatu patebulo n'kutisiya kuti tiyese. Tiyamike anandifotokozera kuti maswichi amawatchula ndi mtundu wa kamtanda kaja: abuluu, ofiira ndi abulauni.

Ndinayamba ndi abuluu. Abale, zala siziiwala. Ine kulemba ndinaphunzira pa taipi, kwa mphunzitsi amene ankatiphimba manja ndi nsalu kuti tisaone mabatani. Zaka zonsezi pa laputopu ndakhala ngati ndikudina mkate. Koma apa batani lililonse linkayankha, thi thi thi, momveka bwino. Ndinalemba kuti "ng'ombe zili m'khola" pofuna kuona ngati kachizindikiro kathu ka m'mwamba kaja kali pamalo pake. Kanalipo. Ndinati basi, tatenga imeneyi.

"Nanga adadi akamagona masana?" anafunsa Tiyamike.

Ndinaganiza za khoma lathu lopyapyala, ndi munthu amene wachokera pansi pa nthaka m'bandakucha. Abuluu ndinawasiya ndi chisoni.

Ofiira ndi amene iye ankafuna. Ndi ofewa, opanda phokoso, batani limangotsika bwinobwino osagunda kanthu panjira. Kwa ine anali ofewa mopitirira. Kungotsamiritsa chala, chilembo chatuluka kale, ndipo mzere umodzi ndinaulakwitsa paliponse. Abulauni ndi amene anatigwirizanitsa. Ali ndi kamfundo kakang'ono kamene chala chimamva kuti chilembo chalowa, koma sadzutsa wogona. Palibe mwa ife amene anapeza zimene mtima wake unkafuna, komabe tonse tinagwedeza mutu.

Kenako nkhani ya kukula kwake. Tebulo la kuchipinda kwa Tiyamike ndi lomwe kale linali la makina osokera, moti kiyibodi yaitali ija, yokhala ndi manambala kumanja, ikanadya malo onse a mawusi. Kakang'ono kwambiri, kamene amakatcha sikisite, kanali kokongola, kokwana m'chikwama cha kutchalitchi. Koma kanalibe mabatani a mivi. Kuti ubwerere m'mbuyo pamzere umayenera kugwira mabatani awiri nthawi imodzi. Ine ndimalemba mawu atatu n'kubwerera kukakonza awiri, ndiye popanda mivi ndingafe ndi ukali. Tinasankha yapakati, yaifupi ndithu koma yokhala ndi mivi yake.

"Iweyo wa maakaunti, manambala a kumanja aja sudzawafuna?" ndinamufunsa.

"Ndikadzapeza ntchito adzandipatsa yawo," anayankha mopepuka, maso ali pa mabatani.

Zina anasankha yekha, ndipo ndikuzilemba pano kuti mwina zithandize wina. Anakana yopanda chingwe, chifukwa ndi yodula, ndiponso ndi mmene magetsi amazimira kuno, sitikufuna chinthu china chodikira kutchajidwa. Anafunsa ngati maswichi ake amazuka popanda kuwotcherera, kuti limodzi likafa tizingosintha lomwelo. Mayi uja anati inde, n'kutionetsa kachitsulo kozulira ndi maswichi apadera amene anali m'bokosi. Magetsi okongoletsa analipo, koma ndinakondwa kumva kuti amazimitsika.

Tisanalipire, Tiyamike anaika zala za kumanzere pakona imodzi n'kuyamba kudina mabatani angapo nthawi imodzi, mofulumira, akuyang'ana pa sikirini. Anati akuona ngati kiyibodiyo imamva onse pamodzi, chifukwa zina zotchipa zimameza ena.

Sindikudziwa kuti pakamwa panatseguka bwanji. Ndinangomva mawu anga akuti, "Kodi pobetcha pamafunika mabatani ambiri chonchi?"

Zala zinaima. Mayi wa shopu anapeza chochita m'kabati. Tinalipira, tinatsika masitepe, ndipo titafika pansi Tiyamike anaima pambali pa khoma, bokosi lili m'khwapa.

"Amayi, mumaganiza kuti ndimabetcha?"

"Ndimamva ukunena kuti yapita."

Anayamba kuseka mpaka kutsamira khoma. Koma kusekako kunatha msanga, ndipo maso anali atanyowa.

"Ndiye nthawi yonseyi mumandiona ngati wakuba m'nyumba?"

"Sindinanene kuti wakuba, mwanangu. Ndimaopa."

"Bwanji osagogoda?"

Ndinangoyamba kulowera kokwerera minibasi, iye akunditsatira. Mu minibasi tinakhala moyandikana, kondakitala akukuwa njira yonse.

Titadya masana, Tiyamike anatsegula chitseko chake n'kuchisiya chotsegula. Anandikhazika pabedi, analumikiza kiyibodi yatsopano, n'kundiveka mahedifoni ake. Pa sikirini panali gemu ya timagulu tiwiri tolimbirana mbendera pabwalo la mipanda ndi maenje. Gulu lina likalanda mbenderayo, ndiye yapita. Palibe ngwee imene imalowa kapena kutuluka, kupatula ya bandulo ya intaneti.

M'makutu mwanga munalowa mawu a anthu. "Mwapoleni, ba mayo," anandipatsa moni mwa Chibemba mtsikana wina, dzina lake Mwila, wa ku Ndola. Wina anali ku Chingola, wina ku Chipata kwa azakhali ake. Onse anali m'kalasi imodzi ndi Tiyamike ku koleji, ndipo onse akudikira. Masana aliwonse amakumana m'bwalo limeneli. Pakati pa masewero amauzana kumene amva kuti akufuna anthu. Tsiku limenelo Mwila anali ataitanidwa ku intavyu ya Lolemba, ndiye anzakewo ankasinthana kumufunsa mafunso ngati mabwana, wina mpaka kukhwimitsa mawu dala. Iye akakakamira ankamuseka, kenako n'kumuuza kuti ayambirenso.

Tiyamike anandikakamiza kuti ndiyeseko. Kamunthu kanga kanayenda molunjika n'kugwera m'dzenje loyamba. Kuyesanso, dzenje lomwelo. Ana a eni ake anaseka mwaulemu ndithu, Mwila n'kunena kuti amayi ake sakanafika n'komwe padzenjepo.

Nditavula mahedifoni ndinamva mapewa anga akutsika. Sindinkadziwa kuti ndakhala nditawakweza nthawi yonseyi. Madzulo nditawafotokozera abambo ake, anapuma mpweya wautali, kenako anafunsa ngati gemuyo ili ndi malo a munthu wamkulu.

Koma pali mawu amene Tiyamike anandiuza ndisanatuluke kuchipindako, ndipo ndi amene andichititsa kulemba zonsezi.

"Amayi, muno ndi mokhamo mmene palibe amene amandifunsa kuti ntchito yapezeka. Kutchalitchi amandifunsa. Pamsika amandifunsa. Amalume akaimba foni, moni asanathe afunsa kale. Anzangawa akudziwa kuti sinapezeke, ndiye timangosewera."

Ndinakumbukira kuti inenso funso limeneli ndimalifunsa ana a anzanga pafupifupi Lamulungu lililonse, ndikumwetulira, ndikuyesa kuti ndikusonyeza chikondi. Ife timafunsa kamodzi n'kupita. Mwanayo amayankha funso lomwelo kuyambira pakhomo la tchalitchi mpaka pamsewu, ndipo yankho silisintha. Tikudabwa chiyani akayamba kutseka chitseko?

Musandimve molakwa. Kubetcha kulipo, ndipo kukugwetsa makomo. Mantha anga sanachokere m'mlengalenga. Gemu nayonso ikhoza kumeza munthu, ndipo ndamuuza Tiyamike kuti bulauzi ija ibwerere pa ayironi. Wavomera, ngakhale monyinyirika. Koma taonani mmene ife makolo timachitira. Mwana akatseka chitseko, timaima panja n'kumamvetsera. Timatola liwu limodzi, n'kumangapo mlandu wonse, n'kukaufotokoza kwa anzathu a kwaya ngati pempho la pemphero. Mwini wake ali pomwepo kuseri kwa thabwa, koma ndi yekhayo amene sitimufunsa. Timati tikupewa mkangano. Zoona zake n'zakuti timaopa kumva.

Ine ndinachita mwayi, ndinapeza mbendera ndi maenje. Wina akagogoda akhoza kupeza zoopsa zenizeni. Komabe si bwino kuzipeza firiji ikadali m'nyumba?

Ntchito ya Tiyamike sinapezekebe. Kiyibodi ikugwira bwino, ndipo tagawana nthawi: m'mawa wa Loweruka ndi wanga, masana ndi ake. Mwila intavyu ija anapita, akudikira kumva. Ndinadzipeza ndikumupempherera mwana amene sindinamuonepo nkhope.

Lamulungu likubwerali, mukadzatuluka m'tchalitchi, mudzakumana ndi mwana wa mnzanu amene anamaliza sukulu ndipo akadali pakhomo. Adzakupatsani moni mwaulemu, atakonzekera kale yankho lake. Kodi mulibe funso lina lililonse limene mungamufunse?