Dokotala wa Mano wa ku Nineve

Asuri ndinakumana nawo koyamba pa bolodi, ku sekondale ya atsikana kwathu ku Malawi. Aphunzitsi a mbiri yakale ankawalemba pamodzi ndi Ahiti, Afoinike, Akasidi ndi Aperisi, ife n'kumaloweza ngati nyimbo: Ahiti chitsulo ndi magaleta, Afoinike zombo ndi utoto wofiirira, Asuri nkhondo ndi nkhanza. Phunziroli ndinkalikhoza kwambiri. Koma m'maganizo mwanga anthu onsewo anali atatha kalekale, osasiya ngakhale mdzukulu mmodzi.

Patapita zaka, ndili pabanja ku Glasgow, mwana wathu wamkazi anabwera kuchokera kusukulu ndi ntchito yoti asankhe ufumu umodzi wakale, aufufuze, akafotokozere anzake. Mwanayu anabadwira konkuno. Ndikati "wadzuka bwanji," amayankha m'Chingerezi chothamanga cha kuno, chomwe agogo ake pafoni amati n'chilankhulo china. Masamu ake ankapita nawo kwa bambo ake. Tsopano kunabwera chinthu chomwe ine ndinkachidziwa.

Loweruka ndinamukhazika patebulo ndi kumufotokozera zonse zomwe ndinkakumbukira. Anamvetsera, koma chala chili pafoni. Madzulo ake, tikukwera masitepe a fulati yathu ku Shawlands titanyamula zogula, ndinali ndikumuuzabe za Nineve, likulu la Asuri. Pakhomo lapansi pa lathu panali mayi wina akufunafuna makiyi m'chikwama. Anali dokotala wa mano, wamsinkhu wangawu, yemwe tinkangopatsana naye moni wa pamasitepe. Anatembenuka.

"Mwati Nineve? Kwathu kumeneko. Ine ndine Msuri."

Ndinaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Iye sanaseke. Anati anabadwira m'mudzi wa pafupi ndi mabwinja a mzindawo, kumpoto kwa Iraq, ndipo amayi ake amapempherabe m'chilankhulo cha makolo awo. Mwana wanga anatsitsa jumbo pansi n'kumuyang'ana dwii, ngati waona munthu wotuluka m'chithunzi.

Pa ntchito yake ija anasankha Asuri, ndipo kuyambira pamenepo ankatsikira pansi pafupifupi tsiku lililonse akaweruka. Ankabwerako zovala zikununkhira zokometsera zachilendo, m'manja muli pepala lolembedwa dzina lake kuyambira kumanja kupita kumanzere. Anaphunzira moni wawo, "shlama," ndipo ankaunena ponseponse, ngakhale kwa mphaka wa eni ake. Nyumba zamiyala za kuno zimadutsitsa mawu. Ndikamatsuka mbale ndinkamva kuseka kwa mwana wanga kukukwera kuchokera pansi pa mapazi anga, kuseka kotaya mtima komwe kwathu kunali kutasowa. Ndinkatsegula mpopi mwamphamvu.

Tsiku lina mayiyo anati tipite tonse kunyumba yosungiramo zinthu zakale, ya m'paki ina yaikulu ya mumzinda muno. Tinakwera galimoto yake. Mwana anakhala kutsogolo, ine kumbuyo ngati wopempha lifiti. Kumeneko tinaima pamwala wosemedwa, pali mutu wa mwamuna wandevu zopotanapotana. Mayiyo anati amalume ake anali ndi mphuno yomweyo. Mwana wanga anamugwira mkono, onse n'kuseka.

Kenako anandicheukira n'kufunsa m'Chingerezi chake chija: "Mami, nanga ife tinali ndi ufumu?"

"Ee," ndinayankha mofulumira. "Wa Amaravi. Unali waukulu. Ankasula chitsulo, ankagulitsa minyanga mpaka kunyanja yamchere."

"Miyala yawo ili m'chipinda chiti?"

Munalibe chipinda chotero. Mayiyo anati mwaulemu angakonde kumva zambiri za Amaravi, ndipo ulemu wakewo ndi umene unandibaya koposa. Panjira yobwerera ndinangoyang'ana mvula pawindo. Ndinawasirira Asuriwo, anthu ankhanza omwe ndinaloweza pamayeso, chifukwa anasema ndevu zawo pamwala, pomwe makolo anga anasiya zawo m'kamwa mwa ana. Ndipo wanga kamwa lakelo analitseka.

Sabata yotsatira ndinamuletsa kutsika. Ndinati tikuvutitsa munthu wotopa ndi ntchito. Anamenyetsa chitseko cha kuchipinda kwake. Bambo ake anachotsa maso pakompyuta n'kundiyang'ana.

"Amayi, kodi mukulimbana ndi dokotala wa mano kapena ndi mfumu ya ku Nineve?"

"Mwana wanu sadziwa kunena zikomo m'Chichewa, koma akuwerenga zilembo zobwerera m'mbuyo. Inu mukuona bwino?"

"Musiyeni. Mukamukoka, chingwe chiduka."

Lamulo langa silinakhalitse. Mayiyo anakwera yekha kudzagogoda, atanyamula mbale ya masamba a mpesa okulungiramo mpunga, n'kufunsa ngati mwana akudwala. Ndinalandira mbaleyo ndi manja awiri, monga tinaleredwera. Chakudyacho chinali chokoma, ndipo zimenezo zinandikwiyitsanso.

Tsiku lofotokoza, makolo tinaitanidwa kusukulu. Mayiyo anasintha nthawi ya odwala ake kuti abwere. Mwana wanga anaima kutsogolo atavala lamba wansalu yemwe anabwereka kwa iye, nayamba ndi moni uja. Anafotokoza za ng'ombe zamapiko zolondera zipata, za mfumu yomwe inasonkhanitsa mapale adothi olembedwa, za mmene Akasidi ndi anzawo anagwetsera mzindawo, Aperisi n'kudzalanda zonse pambuyo pake. Zina mwa izo anazimva kwa ine patebulo paja, ndinazizindikira. Pomaliza anathokoza "anti anga a pansi," n'kuwaloza. Anthu onse anatembenukira kwa mayiyo. Ine ndinaomba m'manja mpaka zikhato kutentha, kuti pasakhale wondiyang'ana kumaso.

Potuluka, mwana ali ndi anzake, mayiyo anayenda pafupi nane. Anandiuza kuti ali ndi mwana wamwamuna ku Maryhill, konkuno ku Glasgow, wamkulu kale, yemwe safuna kumva liwu limodzi la chilankhulo chawo. Akamulankhula, amayankha kuti iye ndi wa kuno.

"Wanuyu ndi woyamba kundifunsa," anatero. "Mungandibwereke Loweruka lililonse?"

Ndinkayenera kumumvera chisoni, ndipo pang'ono ndinamumvera. Koma chomwe ndinkafuna kunena n'choti mwana sabwerekedwa ngati mpando wa pamaliro. Ndinati Loweruka m'mawa, asanadye chamasana akhale atabwerera.

Amapitabe mpaka lero, ndipo akuti akufuna kukaphunzira zilankhulo zakale ku yunivesite. Chaka chatha tinapita naye kumudzi ku Dedza. Msuweni wanga anatitengera kumapanga a m'phiri komwe kuli zojambula zakale pamiyala, zofiira ndi zoyera. Ine, wobadwira kufupi konko, ndinali ndisanapiteko. Mwanayo anaziyang'anitsitsa, kenako anafunsa msuweniyo m'Chichewa chopunduka: "Analemba ndani?" Ndinamwetulira ndi chimwemwe. Mwanayo anajambula zithunzi zambirimbiri. Titatsika mpaka pomwe foni imagwira, anazitumiza zonse ku Shawlands, pakhomo lapansi. Yankho linabwera tisanafike pagalimoto. Analiwerenga, anaseka, n'kubweza foni m'thumba.