Gule wa kuseri kwa chinsalu

A Mbewe, amene ankakhala pamwamba pathu m'nyumba yosanja ku Scarborough, kutsidya kwa nyanja, anayesedwa kamodzi kokha kuti avine m'filimu ya Chihindi, ndipo sanawatenge. Ndinalipo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Munali m'zaka za m'ma 1970. Amayi anali nesi, abambo ankaphunzira ku yunivesite ku North York. M'nyumba yonseyo olankhula Chichewa tinali ife ndi a Mbewe basi. Iwo ankasambitsa ndi kudyetsa okalamba kumalo osungirako nkhalamba, koma akaweruka sankakhala pansi. Denga lathu linkagunda kuyambira folo koloko, nyali ikugwedezeka, ndipo m'paipi yotenthetsera nyumba munkatsika mawu a mkazi woyimba mokweza ngati akulira, pamodzi ndi fungo la anyezi wopserera, chifukwa a Mbewe akayamba kuvina ankaiwala poto pamoto.

Amayi ankagogoda denga ndi mtengo wa tsache. "Achimwene, ena tikufuna kugona!"

A Mbewe ankatsika thukuta lili kamukamu. "Pepani achemwali, kwatsala sitepe imodzi yokha."

Gule ameneyu anamuphunzira ku Limbe. Ankagwira ntchito m'sitolo ya mmwenye, ndipo Lamulungu lililonse ankanyamula mabenchi kupita kuholo kumene amwenye ankaonera mafilimu awo. Pabenchi sankaloledwa kukhala. Malo awo anali kuseri kwa chinsalu, kugwira chingwe cha sipika kuti chisazuke. Zithunzi zinkaonekera bwinobwino kuseriko, moti kwa zaka zisanu ndi chimodzi analoweza nyimbo, kaponyedwe ka mapazi, ngakhale kaphethiridwe ka maso. Chihindi sankachimva, koma ankachiyimba osaphonya. Ine ankandiphunzitsa Loweruka lililonse. "Phewa liyambe, phazi litsatire. Usayang'ane pansi, Esnati, pansi palibe kamera."

Tsiku lina anabwera ndi pepala limene anamatula pachitseko cha golosale. Opanga filimu anali atabwera kuchokera ku Bombay, ndipo ankafuna ovina oima kumbuyo. Filimuyo inali ya mnyamata wosauka wolakalaka kukhala katswiri wa zisudzo. "Ndine ameneyo," anatero a Mbewe. Vuto linali loti tsiku loyesalo linagwera pa shifti yawo, ndipo abwana awo anali atawachenjeza kale kawiri kuti akajombanso, ntchito yatha.

"A Mbewe, ntchito kuno sititola pamsewu," anatero abambo. "Munaonamo munthu wakuda m'mafilimu amenewa?"

"Ndiye kuti akusowa mmodzi, achimwene."

Ine ndi a Mbewe tinakwera basi, kenaka sitima yapansi, mpaka kuholo ina ya pansi pa tchalitchi. Munali modzaza, mukununkha majasi onyowa ndi mafuta a kokonati. A Mbewe anavala malaya ofiira amene anawasita kawiri. Mayi wophunzitsa gule, wamfupi, ndodo ili m'manja, anawaika pakati pa mzere wachitatu, n'kutsegula nyimbo yotchuka imene aliyense ankadziwa kavinidwe kake. A Mbewe anandiyang'ana akumwetulira. Imeneyo anaionera kambirimbiri ku Limbe.

Ng'oma italira, mzere wonse unalumphira kumanja. A Mbewe analumphira kumanzere, n'kuwombana ndi mnyamata wa nduwira. Anapepesa akuwomba m'manja ngati kwathu. Pozungulira, anthu analowera uku, iwo uko, ndipo chigongono chawo chinagwetsa magalasi a mtsikana wina. Mayi uja anaimitsa nyimbo n'kuuza a Mbewe kuti avine okha. Anavina, holo yonse ikuwayang'ana. Mayiyo anapendeketsa mutu, n'kufunsa m'Chingerezi kumene anaphunzira. Atamva za chinsalu, anaseka mpaka kugwira khoma.

Ukaonera kuseri kwa chinsalu, dzanja lamanja limaoneka lamanzere. Zaka zonsezo panalibe wowauza.

"Zonse mukuzidziwa," anatero mayiyo, "koma mukuzidziwa chotembenuza. Ine ndili ndi masiku atatu okha. Sindingathe kukutembenuzani."

M'basi mapazi a Mbewe ankagunda pansi pa mpando, akuyesa kuyambira kumanja, n'kusokoneza, n'kuyambanso. Lolemba ntchito inathadi. Anapeza ina yotsuka mbale ku Oakville, anagula galasi lalitali lakale n'kuliimika pakhoma kuti aziyeserapo kutembenuza gule wawo. Denga lathu linkagundabe, koma amayi anasiya kuligogoda. Chaka chisanathe a Mbewe anasamukira ku Vancouver atamva kuti kumeneko kukubwera opanga filimu ena. Anatitumizira khadi limodzi la Khirisimasi. Kenaka zii.

Pantchito yanga ya utolankhani ndinazolowera kufufuza maina, ndipo ndaima kambiri pamapeto a mafilimu a Chihindi ndikuwerenga maina a ovina. La a Mbewe sindinalipeze.

Mwezi wamawa mwana wanga wamkazi akukwatiwa ndi mnyamata wa banja lachimwenye, ndipo azimayi a mbali zonse ziwiri tikuyenera kuvina limodzi. Pokonzekera sabata yatha ndinawaponda kawiri amayi a mnyamatayo, iwo akulowera kumanja, ine kumanzere. Tsopano andiika kumapeto kwa mzere, pafupi ndi khoma. Tikumananso Lachinayi.